Batire Yobwereketsa ya ku Dambwa

Ine pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu, ndipo ndinabadwa choncho. Amene anagulapo nsomba zouma pa tebulo langa mumsika wa Maramba akhoza kuchitira umboni. Munthu akanyoza nsomba zanga ndinkamuyankha mpaka ogulitsa tomato mzere wachitatu amve. Malemu amuna anga ankangoseka, amvekere anakwatira wailesi yopanda pozimitsira. Iwo atamwalira panalibenso wondiseka, ndiye ukali uja unangokula wopanda woudulira.

Amuna anga ankagwira ntchito kunjanji. Maliro atangotha, abale awo anafika kunyumba kwathu ku Dambwa atagawana kale mipando, mbale, ngakhale makina anga osokera. Amene anaima pakhomo n'kuwakaniza anali mng'ono wawo wa malemu, alamu anga, munthu wofatsa woti ukawafunsa kanthu amayamba ayang'ana pansi kaye. Tsiku limenelo anangoti, "Katundu ni wa bana. Palibe chichoka pano." Abale awo anawasala chaka chathunthu chifukwa cha ine. Kubanja konse kwa amuna anga ndinatsala ndi munthu mmodzi yekhayo.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990 penshoni ya malemu inatuluka, ndipo ndinagula galimoto kuti izigwira takisi. Ndinaigula ku kampani ina yonyamula alendo odzaona mathithi, imene inkagulitsa magalimoto ake akatha zaka zingapo. Inali yoyera, yosalala, injini yake yosamveka n'komwe. Bwana wogulitsayo anandiuza monyadira kuti ili ndi kompyuta, n'kundionetsa kabokosi kachitsulo pansi pa dashibodi, kumapazi kwa wokwera kutsogolo. Ndinaseka. Kompyuta ine ndinkaidziwa ya kubanki, osati yobisala pamene anthu amaponda ndi matope.

Woyendetsa sindinachite kufunafuna. Alamu anga anali atakhala pansi fakitale ya nsalu itatsekedwa, ndipo laisensi anali nayo. Tinagwirizana kuti galimoto izigona kwanga, popeza ndinali ndi mpanda. Iwo ankayenda wapansi kuchokera ku Maramba, kufika cha m'ma seveni, kuitsuka, n'kupita pa renki ya matakisi m'tauni. Mabanja awiri tinkadya pa galimoto imeneyo, ana anga anayi ndi awo atatu.

Tsopano ndifotokoze za msewu wathu. Munali magalimoto angapo okalamba, minibasi imodzi ndi mavani awiri, koma batire yabwino inkakhala imodzi kapena ziwiri basi. Ndiye panali kachitidwe kathu kakalekale. Mwini batire yabwino ankaliza injini yake m'mamawa. Ikamalira choncho, mnzake ankabwera ndi sipanala, kumasula batire ija, kukaliza nayo yake, n'kuibweza. Tinkayamba taliza yathu dala, kuti mnzakoyo akaifooketsa batire, yako ikhale ikulira kale n'kuidzazanso yokha. Amuna anga anachita zimenezi zaka zambiri ndi vani yawo yakale, ndipo palibe chinaonongekapo.

Galimoto yatsopano itafika, batire yabwino koposa mumsewu monse inali yanga. Kuyendetsa sindinkadziwa, koma kupotoza kiyi ndinkatha. Isanakwane sikisi koloko, bambo wa minibasi wa nyumba yachitatu ankagogoda pageti, sipanala ili m'manja, ine n'kutuluka ndi chitenje m'khosi kukaliza injini. Ena ankatsatira pambuyo pake. Zinkandisangalatsa, ndisaname. Mkazi wamasiye amene anthu ankamumvera chisoni dzulodzuloli, lero ndi amene akudzutsa msewu wonse. Alamu akamafika, batire inkakhala itabwerera kale pamalo pake. Sindinawauzepo, chifukwa sindinkaona choti n'kuuza munthu. Kodi ukapatsa mnzako mchere umakanena kwa ndani?

Patapita miyezi ingapo galimoto inayamba matenda. Inkangozima yokha ili pa liwiro, kagetsi kachikasu n'kuyaka pa dashibodi. Ukadikira pang'ono inkalira ngati sinalakwe kanthu. Tsiku lina inazima ikukwera kamtunda ka ku Nottie Broadie itanyamula mayi ndi makatoni a mazira. Tsiku lina inazima pafupi ndi podutsa sitima, okwera onse n'kutsika kuthawa, mmodzi kusiya nsapato. Pa renki anthu anayamba kuilambalala, ankati ija yoyera imakomoka.

Tinaipititsa kwa amakaniko a pansi pa mtengo kuseri kwa msika, anthu oti injini yakale amaimasula ndi maso otseka. Anatsegula boneti, kufunafuna kabureta, osaipeza. Mkulu wawo anapukuta manja n'kunena kuti, "Bamayo, iyi sitiiziba. Mawaya yachulukisa." Anasintha mapulagi kuti tisabwerere chabe, koma matenda anapitirira.

Kenako kunabwera kalata. Anabwera nayo ndi kalaliki wa kampani ija, amene ankagula nsomba kwa ine. Inali itakhala m'dirowa mwawo miyezi yambiri chifukwa inalembedwa dzina la kampani, osati langa. Mwana wanga wamkazi wamkulu anandiwerengera. Opanga galimoto ankati apeza kuti magalimoto a mtundu umenewu ali ndi kachipangizo kolakwika kotsegulira magetsi a injini, kamene kamachititsa kuti izizima yokha, ndipo eni ake aipititse ku galaja ya ajenti awo ku Lusaka akasinthe ulere. Ndinavina pakati pa msika kalata ili m'mwamba. Kani olakwa ndi eni ake opanga, ndipo avomera okha.

Ulendo wa ku Lusaka masiku amenewo unali chilango. Kuchoka kuno kukafika ku Zimba ndi ku Kalomo msewu unali maenje okhaokha, moti madalaivala ankayenda m'mbali mwa msewu kusiya phula. Tinanyamuka ndi alamu m'bandakucha, galimoto inazima katatu panjira, tinafika dzuwa litapendeka. Mawa lake ku galaja anatiuza zinthu ziwiri. Choyamba, m'buku mwawo mwini galimoto anali kampani, ndiye tibweretse mapepala osonyeza kuti ndinagula. Chachiwiri, kachipangizo kaja kanali kasanafike kuchokera kunja, tibwerenso mwezi wamawa. Ndinawalalatira mpaka mlonda anabwera kudzaima pafupi. Alamu anandigwira chigongono n'kunena motsitsa, "Tiyeni, bamulamu. Tizabwela futi."

Tinabweradi. Ulendo wachiwiri anasintha kachipangizo kaja, kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo tinatuluka tikuimba nyimbo za kutchalitchi. Galimoto inazima tisanafike ku Choma. Ulendo wachitatu alamu anapita okha, anagona masiku anayi m'galimoto panja pa galaja, mpaka kapitawo wa kumeneko anavomera monyinyirika kusintha kompyuta yonse. Inabwera itachira. Masabata atatu inayenda bwinobwino, ine n'kumadzutsa msewu wanga m'mawa uliwonse ngati kale. Sabata yachinayi inayambanso kuzima, ndipo Lachisanu lake inakaniratu kulira.

Apo ndinati ndipite ndekha ku Lusaka. Amakaniko anandimasulira kabokosi kaja, ndinakakulunga m'chitenje, n'kukwera basi. Kapitawo anakatsegula, kukanunkhiza, n'kundipatsa kuti ndinunkhize nane. Kankanunkha ngati pulasitiki yogwera pambaula.

"Amayi, vuto la m'kalata tinakonza," anatero. "Ichi ndi china. Bokosi ili lapsa, ndipo silipsa lokha. Pali amene akuseweretsa magetsi. Komanso madalaivala ena amachotsa chatsopano n'kugulitsa, n'kubwezerapo chakupsa. Sindikunena wanu, ndikungokuuzani zimene timaona. Ife sitisinthanso."

Sanandifunse kuti galimoto imagona kuti, imadzuka bwanji, amaigwira ndani. Nanenso sindinadzifunse. Mawu oti madalaivala ena ndi amene ndinanyamula, ndipo ulendo wonse wobwerera ndinkawaphika mumtima. Masiku anayi aja ku Lusaka ankatani okhaokha? Nanga nsapato zatsopano za mwana wawo zinachokera kuti? Pofika ku Zimba mlandu ndinali nditauzenga ndekha n'kuugamula.

Nditatsika basi sindinapite kunyumba. Ndinalunjika pa renki. Anali masana, matakisi ali pamzere, madalaivala atakhala pansi pa mtengo akusewera drafuti, alamu ali pakati pawo kudikira ngati wina angawapatse kaulendo. Ndinaponya kabokosi kaja pamapazi awo. Zimene ndinanena sindizilemba zonse, ndikuchita nazo manyazi mpaka lero. Ndinawatchula wakuba. Ndinabwereza m'chinenero cha pa renki kuti aliyense amve bwino, kawalala, wodyera ana amasiye a mkulu wake yemwe. Anthu ogula m'masitolo anaima kumvetsera.

Alamu anaimirira. Anayang'ana pansi, kenako anayang'ana ine. "Ine, bamulamu?" Anangonena zomwezo. Anatulutsa makiyi m'thumba, kuwaika m'dzanja langa ndi manja awiri, n'kumapita.

Galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango mwezi ndi theka, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Ana anga anasiya kundifunsa za bambo awo aang'ono ataona mmene ndinkayankhira. Ndinkamva mphekesera kuti palibe mwini galimoto amene akufuna kuwapatsa makiyi, chifukwa tauni yathu ndi yaing'ono ndipo mawu a pa renki amafika ku Dambwa dzuwa lisanalowe. Ndinkati zawo zimenezo. Koma tulo sindinkagona bwino, ndipo ndinkakalipira makasitomala opanda chifukwa.

Amene anandipulumutsa ndi mdala wina wokonza mawailesi ndi ma TV m'kakhumbi kumapeto kwa msika. Kale anali wa zamagetsi kunjanji, wosamalira magetsi a zizindikiro za sitima, ndipo amuna anga ankawadziwa. Anali Mlozi wamtali, wa magalasi omanga ndi waya, wosafulumira pa chilichonse. Tsiku lina akugula kapenta ndinawadandaulira nkhani yonse, ndi ya wakuba yomwe. Anamvetsera osandidula, kenako anati ndiwabweretsere kabokosiko.

Anakhala nako masiku atatu. Ndinawapeza atakatsegula, akuyang'ana ndi galasi lokulitsa, chitsulo chowotcherera chili pambaula chifukwa magetsi anali atazima. Anandionetsa tizinthu tiwiri takuda ngati nyemba zopserera. Anatichotsa n'kuikapo tina tochokera mu TV yakufa. Ine ndinkaona ngati masewera, zinthu zimene alephera a ku Lusaka ovala maovolosi oyera, angazithe mdala wa mbaula? Madzulo ake anabwera panjinga, kulowa chagada pansi pa dashibodi, n'kundiuza kuti ndipotoze kiyi. Inalira kamodzi n'kamodzi.

Ndinafuna kuwagwadira, koma anandiletsa. "Musakondwe manje," anatero. "Aka kabokosi ni kamene anaika ku Lusaka, nambala yake ni yatsopano, palibe anachinja. Kanapya na magetsi yambili yobwela pa nthawi imodzi. Nifuna nizibe yachokela kuti, apo ayi kazapya futi. Mailo nizabwela kuseni, nione mwamene iukila."

Mawu oti palibe anasintha anandilowa ngati minga, koma ndinawakankhira pambali. Ndinadziuza kuti ndiye kuti alamu ankaseweretsa mawaya.

Mawa lake anafika kukungoyera, n'kukhala pa mpando pakhonde ndi kapu ya tiyi. Ndinaliza injini. Sipanapite mphindi zisanu, geti linagogodwa. Anali bambo wa minibasi uja, nkhope ili mwee, sipanala m'manja. Anali atavutika masabata onsewo kukankhitsa minibasi yake ndi makondakitala, ndiye atamva injini yanga anathamanga. Anapereka moni, kutsegula boneti mozolowera, n'kuika sipanala pa batire injini ikulira.

Sindinaonepo munthu wokalamba akudumpha choncho. Tiyi anatayika, mdala anali atagwira kale dzanja la bambo uja. "Imwe, muchita chani?"

"Nibweleka chabe batili, mudala. Ni mwamene timachitila."

"Kuchokela liti?"

"Kuchokela pamene inabwela motoka. Bamayo aba ni bamene batisunga mu road muno, daily."

Ananena moyamikira, mosangalala, akundiloza ndi sipanala. Mdala anazimitsa injini, kuvula magalasi, n'kutifotokozera pang'onopang'ono ngati ana a sukulu. Injini ikamalira imapanga magetsi, ndipo batire ndi imene imawalandira n'kuwakhazika pansi. Ukaichotsa, magetsi aja amasowa kopita, amalumpha n'kumenya chilichonse chimene apeza. Magalimoto akale analibe kanthu kanthete koti n'kupsa, n'chifukwa chake amuna anga sanaonepo vuto. Iyi inali ndi kabokosi. M'mawa uliwonse tinkakamenya pang'onopang'ono mpaka kufa, koyamba kaja ndi kachiwiri komwe.

"Ija ya mu kalata inali yazoona, ndipo banakonza," anatero. "Iyi inangu ni ya pano pa nyumba. Dalaiva amakhalapo pochita izi?"

Ndikanatha kunama, koma bambo wa minibasi anandiyankhira kuti ayi, adalaiva amafika zonse zitatha. Ndinakhala pansi pa dothi pomwepo. Bambo uja atazemba, ndinapempha mdala kuti nkhaniyi ithere pompo. Anatenga njinga yawo, kumanga thalauza ndi mphira, n'kunena osandiyang'ana, "Ine sinikamba za bantu. Koma uja mulamu wanu akali kawalala mu town." Anakana ngakhale nsomba zimene ndinawakulungira. Mdala ameneyu anamwalira kalekale, koma ndimamuthokoza nthawi zonse, pa kabokosi pang'ono, pa mawu amenewo kwambiri.

Zinanditengera masiku awiri kuti ndilimbe mtima. Ndinapita kwa alamu ku Maramba Loweruka m'mawa. Akazi awo ankachapa panja, anandiyankha moni osaimirira, mpando osandipatsa, ndipo sindikuwaimba mlandu. Pakhonde panali timilu ta makala ogulitsa, zimene sankachita kale. Alamu anatuluka m'nyumba ataonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Ndinagwada pa dothi lonyowa ndi madzi a sopo n'kufotokoza zonse, za batire, za sipanala, za mdala. Ndinalira kwambiri, mamina ndi misozi, osasamala anthu oyandikana nawo amene ankasuzumira pampanda.

Anandidzutsa ndi manja awo. Sanandikalipire, ngakhale ndinkalakalaka atandikalipira. "Nakhululuka, bamulamu," anatero. "Imwe ndimwe amai ba bana ba mukulu wanga, sivingasile." Ndinatulutsa makiyi, koma manja awo anakhala kumbuyo. Anayang'ana pansi nthawi yaitali. "Koma kuno kunyumba kulibe ananiitana kawalala. Bonse pano baniziba. Munakambila pa renki."

Ndinamva. Lolemba masana, nthawi yomweyo imene renki imadzaza, bambo wa minibasi anandiyendetsera galimoto mpaka m'tauni, poti nayenso ankadzimva kulakwa. Alamu anali pansi pa mtengo paja, chapatali pang'ono ndi anzawo. Ndinaima pamalo pomwe ndinaima tsiku lija. Nditatsegula pakamwa mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana, ndipo dalaivala wina anati, "Kwezani volume, bamayo, tiiziba ilipo." Anthu anaseka, ine ndinapeza mpweya. Ndinakuwa monga ndimakuwira kumsika. Ndinati munthu uyu sanabe kanthu, ndinamunamizira ine, galimoto ndinaiwotcha ndekha ndi manja anga pobwereketsa batire injini ikulira, ndipo wopusa pa nkhani yonseyi ndi amene mukumuonayu. Ndinabwereza kawiri kuti a m'masitolo amvenso.

Ena anaseka za batire, ena anangoyang'anana, chifukwa nawonso ankachita zomwezo m'makomboni mwawo. Wapampando wa renki, bambo wamimba yaikulu, anaimirira n'kunena kuti, "Tamvela." Analamula kuti matakisi abwerere m'mbuyo, yoyera ija ilowe kutsogolo kwa mzere. Kenako anapita kwa alamu n'kuwagwira chanza pamaso pa onse, ena n'kutsatira mmodzimmodzi. Apo m'pamene alamu analandira makiyi.

Wokwera woyamba ndinali ine. Ananditsegulira chitseko cha kumbuyo ngati mlendo wolemekezeka, ndipo tinanyamuka. Ndinkayembekeza kuti akanditula kumsika, koma pamphambano anakhotera kwina. Ndinafunsa kuti tikupita kuti, mwaulemu, mwina koyamba m'moyo wanga.

"Ku sukulu," anatero, maso ali pamsewu. "Mwana wanga mukazi, uja wa grade five, banzake benze kumuimbila nyimbo ya kawalala. Analeka kudya. Batuluka manje manje. Nifuna anipeze pa gate na motoka."

Za mwanayo sindinkadziwa, ndipo palibe anandiuzapo. Tinaima pageti injini ikulira mwakachetechete. Belu litalira ana anatuluka chigulu, ndipo ndinamuona akubwera yekha kumbuyo kwa onse, mabuku atawakumbatira pachifuwa. Ataona galimoto anaima. Alamu anatsitsa galasi n'kuliza hutala kawiri kuti anzake onse atembenuke. Ine ndinatsika, kumutsegulira chitseko cha kutsogolo, n'kuima pambali mpaka atalowa.